Tchuthi cha a Sapuma

Pafakitale yosoka zovala aliyense ankawatchula kuti a Sapuma, ndipo eni ake dzinalo ankaliyesa ulemu. Anali odula nsalu: choko kukhutu, tepi m'khosi, sizasi yaikulu imene sankabwereka munthu ngakhale bwana.

Tchuthi ankachiopa ngati matenda. Ali mnyamata anaona mnzawo atapita kokapuma, pobwerako n'kupeza wina ali patebulo pake. Kuyambira pamenepo mfundo yawo inali imodzi: usamuonetse bwana kuti ntchito ingayende popanda iwe. Nyengo ya tchuthi ikafika ankangoti, "Ndisungireni, ndidzatenga." Ana anabadwa iwo akudula makolala. Apongozi awo anaikidwa m'manda iwo akudula manja a mayunifolomu, mkazi wawo n'kupita yekha kumaliro.

Koma maso alibe ulemu. Anayamba kuchita nkhungu, sizasi n'kumaphonya mzere wa choko. Nsalu zitaonongeka kangapo, bwana anawauza mwaulemu kuti akapume pantchito.

"Bambo a ana, masiku munkasunga aja ndi ndalama," anatero mkazi wawo akuwasitira malaya. "Mukafunse. Adokotala akuti ng'alayo ingachotsedwe, koma si zaulere."

Zinawavuta, chifukwa kwa iwo kufunsa kunali ngati kupemphetsa. Anapitabe, chipewa m'manja, nakhala m'mphepete mwa mpando muofesi ya kalaliki, mtsikana wa msinkhu wa mwana wawo.

"Ndi ufulu wanu, bambo, musachite manyazi," anatero kalalikiyo. "Masiku a posachedwapa tikulipirani onse. Koma akale aja, mwa mgwirizano wa pano, anapsa. Sasungidwa mpaka kalekale."

"Anapsa? Ine ndinali pompano, mwanawe. Sindinapite kulikonse."

 Mtsikanayo zinamumvetsa chisoni, koma akanatani?

Ndalamazo zinangokwanira kuchotsa ng'ala m'diso limodzi. Kunyumba a Sapuma anayesa kuichepetsa nkhaniyo, ati diso limodzi ndi lokwanira kwa munthu wosadulanso nsalu, ndipo anaseka okha. Kenako anati, "Basi, zapita. Masikuwo anali anga, ndawataya ndekha."

Mkazi wawo anaika pansi mbale imene ankapukuta. Zaka zonsezi anali asanadandaulepo.

"Anu nokha?" anafunsa chapansipansi. "Ine ndinkawadikira masikuwo chaka ndi chaka."