Khola Lonyowa la a Dona Rozita

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali. Ankaimba kwaya limodzi ndi a Dona Rozita, eni nyumba ya alendo ku Chiwanga, omwe anali atagula anapiye a nkhuku zanyama zoti azikazingira alendo awo. Chibwerere kuchokera ku Malawi kumene ndinakulira, kwathu kunalibe bwato kapena ukonde, ndiye ndinavomera osafunsa zambiri.

Ntchito inali kutsuka zomwera, kuthira rasau, chakudya cha nkhuku, m'zodyera ndi kutembenuza utuchi wa pansi ndi fosholo. Koma a Dona anali ndi mwambo wawo: m'mawa uliwonse bwalo liziwazidwa madzi kuti fumbi lisavute alendo. Kutayamba kutentha anati ndiziwazanso m'khola, nkhuku zipumeko. Ndinkatunga ndowa kunyanja n'kuwaza mpaka utuchi kumata kumapazi. Nanga ine ndikanadziwa chiyani?

Posakhalitsa nkhuku zinayamba kuunjikana pangodya, mapiko ali lende, chakudya osachifuna. Zitosi zinasanduka magazi. M'mawa wina ndinatsegula chitseko n'kupeza zakufa zili mbwee, zina zitafera pachomwera. Ndinadzaza wilibala.

A Dona anaitanitsa tekiniko wa ziweto ku Metangula. Iye anang'amba imodzi n'kutionetsa matumbo otupa, odzaza magazi oundana. Anati si chitopa ayi, ndi tizilombo ta m'matumbo timene timaswana pansi pakanyowa, nkhuku n'kumatitola pojompha. Anasiya mankhwala aufa osungunula m'madzi akumwa, n'kulamula kuti utuchi wonse utuluke, pansi pathiridwe laimu, kenako pabwere wouma. Asanachoke anafinya utuchi m'manja, madzi n'kudontha. Anafunsa amene ankanyowetsa chonchi.

"Ndi mtsikanayu," anatero a Dona osaphethira. "Ana okulira ku Malawi samva za munthu."

Ndinatsegula pakamwa, koma ndinakumbukira azakhali amene anandipemphera ntchitoyo, ndipo ndinameza mawu.

Khola ndinapala ndekha, laimu akundiwotcha m'manja. Zakufa ndinakwirira ndekha, zofooka ndinkazimwetsa ndi supuni imodziimodzi. Zotsalazo zitayambanso kudya, a Dona anandiitanira kuseri kwa khitchini.

"Mawa usavutike kubwera. Alendo amva mbiri yako."

Pamalo panga panalowa mwana wa mlongo wawo, kudzapeza khola louma ndi nkhuku zochira. Amati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma wa a Dona unalewa, nkhonyayo n'kugwera ine. Zimandiwawabe mpaka pano.

Lero ndimaweta zangazanga ku Nkholongue, ndipo pansi pa khola langa sipagwa ngakhale dontho. Munthu wamkulu akandituma chinthu, ndimabwereza mawu ake mokweza, pali anthu omva, chifukwa zonenedwa pa awiri mwini wake amazikana. Ndikapita ku Chiwanga kukagula usipa, bwalo la a Dona limakhala lowazidwa bwino ngati kale. Ine anthu amandilozabe kuti ndi mayi uja anapha nkhuku za eni.