Mwini Mpira Sachotsedwa

Ndikukumbukira bwalo lathu la mpira ku Chilomoni, ngati n'koyenera kulitchula bwalo. Kanali kamalo ka fumbi lofiira pakati pa tchalitchi china chosamalizidwa ndi chigwembe chotayamo zinyalala, ndipo kanapendekeka monga zimapendekekera zinthu zonse za ku Chilomoni. Timu yomenyera chotsika inkawina theka loyamba, inzake n'kubweza theka lachiwiri. Magolo anali miyala, ndipo kutalika kwa golo kunkadalira msinkhu wa goloboyi: mpira ukadutsa pomwe manja ake safika, ndiye kuti wapita pamwamba. Mphepo yochokera ku Michiru inkatibweretsera fungo la chimanga chootcha cha mayi wina amene ankagulitsa pansi pa mtengo wa bulugamu.

Mpira wathu unali wachikulunga, wa majumbo omangidwa ndi zingwe. Masiku amenewo ine ndinali munthu wosawerengedwa. Ndinali wonenepa, wothamanga mochedwa, ndipo ndikamenya mpira unkalowera komwe wafuna wokha. Posankhana matimu ndinkatsala ndekha, makaputeni n'kumakankhirana kuti anditenge ndi winayo. Ntchito yanga yeniyeni inali kutsikira kuchigwembe kukatola mpira.

Zonse zinasintha dziko litangolowa matipate, pamene amalume anga anabwera kuchokera ku Joni ndi mpira wachikopa weniweni, wa mabanga akuda ndi oyera, wonunkhira m'sitolo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anzanga anausisita mosinthana, wina mpaka anaununkhiza. Akuluakulu m'maminibasi ankangoti demokalase, aliyense tsopano ali ndi ufulu, koma pabwalo pathu panali chipani chimodzi, ndipo pulezidenti wake wamuyaya ndinali ine.

Inu amene munakulira m'malokeshoni mukuwadziwa malamulo a mwini mpira. Mwini mpira sachotsedwa. Amasankha timu yake, amamenya mapenate onse, ndipo akagwa yekha ndi faulo. Koposa zonse mwini mpira sakhumudwitsidwa, chifukwa akakhumudwa amaika mpira wake kukhwapa n'kunena kuti amayi akumuitana. Amayi anga ankandiitana kwambiri masiku amenewo, ngakhale atapita kumaliro ku Thyolo.

Ndiye anzanga anapeza nzeru. Panali mnyamata wina dzina lake Juliyo Namaona, mwana wa mayi wogulitsa makala cha kumtunda kwathu, amene agogo ake anachokera ku Mozambiki kalekale. Anali wowonda, wa matewe, wosavala nsapato, wosalankhulalankhula. Koma mpira ukafika kuphazi kwake, abale inu, unkamumvera. Ankadyetsa njomba anthu atatu pamalo poti simungayalepo mkeka, ndipo mwendo wamanzere ndi wamanja kwa iye zinali chimodzimodzi. Mpira ndauonera wambiri pamoyo wanga, koma mwana wotere sindinamuonenso. Juliyo ameneyu ndiye anapatsidwa ntchito yondisangalatsa. Ankapyola onse, ndi goloboyi yemwe, n'kuimitsa mpira pafupi ndi miyala, n'kutembenuka kundidikira ndikubwera wefuwefu. Ine n'kungougunda ndi chala, basi chigoli, n'kuzungulira bwalo lonse nditatambasula manja. Zikavuta, goloboyi wa timu inayo naye ankadziwa chochita, ankadumphira mbali yomwe kulibe mpira. Choipa chake n'chakuti patapita miyezi ingapo ndinayamba kukhulupirira kuti ndimatha.

Kenaka inamveka mbiri yakuti timu ina yaikulu ya mumzinda muno, yomwe sinditchula chifukwa otsatira ake amapsa mtima msanga, ikuyambitsa timu ya ana, ndipo yatuma munthu kusaka aluso m'malokeshoni. Ku Ndirande ndi ku Bangwe anali atafikako kale. Loweruka linali la Chilomoni, ndipo ankatenga mwana mmodzi basi pa lokeshoni iliyonse. Wosankhidwayo ankati adzalandira jezi ndi nsapato, komanso timu idzamuphunzitsa mpaka ku sekondale. Kwa ine inali nkhani ya ulemu chabe, pakuti bambo anga anali kalaliki ku Limbe ndipo sukulu yanga inalibe vuto. Kwa Juliyo inali nkhani ya moyo wonse. Tonse tinkadziwa kuti akangomaliza pulayimale, chomudikira ndi thumba la makala pamutu.

Lachisanu titaweruka kusukulu Juliyo anandipeza pakhonde ndikupopa mpira ndi pampu ya njinga. Anaima nthawi yaitali akukanda mwendo ndi chala cha mwendo unzake.

"Limbani, mawa lokha undilole ndizichinya ndekha. Mawa lokha basi, aise."

Ndinavomera, ndipo kunena zoona ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinadziona ngati munthu wachifundo kwambiri mu Chilomoni monse.

Loweruka tinadikira kuyambira m'mawa, munthu uja osaoneka. Titatopa tinangoyamba kusewera, ndipo Juliyo, womasulidwa kwa nthawi yoyamba, anachita zinthu zomwe mpaka lero ndikamazikumbukira thupi limachita tsembwe. Anachinya zigoli zitatu akumenyera chokwera. Chachitatu anaukweza mpira ndi chidendene, unadutsa pamutu pa goloboyi, iye n'kukaulandira kuseri. Atsikana ochokera kumpopi anatula zidebe. Amisiri awiri okhoma zidebe pansi pa bulugamu anasiya nyundo zawo. Ana ang'onoang'ono anayamba kuimba dzina lake, ndipo pa miyezi yonse ija palibe amene anandiimbirapo ine chomwecho. Nsanje ndi matenda, abale, ndipo tsikulo inandigwira mpaka m'makutu munatentha.

Nthawi yomweyo ndi pamene anatulukira a Makwinja, munthu wotumidwa ndi timu uja. Anali bambo wamimba, atavala tirakisuti yofwifwa ndi nsapato zakuofesi, kope kukhwapa, bolopeni kukhutu. Nditangowaona ndinawerama, n'kutola mpira wanga.

"Amayi akundiitana."

Chikulunga chija tinali titachitaya kalekale, komanso munthu wa timu yaikulu simungamuonetse mpira wa majumbo. Juliyo anandiyang'ana, anayang'ana a Makwinja, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Ika pansi. Ndizikupatsa."

Iye ankaganiza kuti munthu wodziwa mpira aona yekha amene akugwira ntchito. Sanadziwe kasakidwe ka luso ka a Makwinja. Iwo anakhala pa njerwa pansi pa bulugamu, nagula chimanga chachikulu, n'kuyamba kukangana za ndale ndi amisiri a zidebe aja, bwalo atalifulatira. Akamva phokoso la chigoli ankatembenuka chimanga chili kukamwa, n'kufunsa kuti wachinya ndani, n'kuchonga m'kope, n'kubwerera ku nkhani ya chipani chomwe chabweretsa kukwera mtengo kwa shuga. Tsikulo Juliyo anapyola anthu mpaka ena anakhala pansi, ndipo ine ndinachinya zigoli zisanu ndi chimodzi. Nthawi iliyonse akafunsa, anzanga ankayankha kuti "Limbani" ndi mawu ngati olengeza maliro.

Mpira utatha a Makwinja anandiitana, nanditsina katumba ngati munthu wogula mbuzi. Anati thupi lilipo, womwetsa zigoli amafunika thupi. Mmisiri mmodzi anayesa kunena kuti koma kamwana kopanda nsapato kaja mukaonenso. A Makwinja anamuyankha kuti mpira ndi zigoli, ndipo kope silinama. Juliyo sanamufunse ngakhale dzina.

Kunyumba kunali chikondwerero. Amayi anauza amvano onse kuti mwana wawo azimveka pawailesi. Bambo anandigulira nsapato za mpira pa kaunjika ku Limbe, zazikulu moti kutsogolo tinafutsako nyuzipepala. Lachitatu masana anapempha kuntchito kuti andiperekeze. Tinakwera maminibasi awiri, ine nditakumbatira mpira wanga mu jumbo, chifukwa sindinkadziwa kuti munthu angapite kukasewera osatenga mpira wake.

Bwalo la timu ija linali lathyathyathya, la kapinga, la magolo achitsulo okhala ndi ukonde. Panali ana a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa, ena a iwo a zaka khumi ndi zitatu zomera ndevu. Koma chomwe chinandiopsa si ndevuzo. Ndinaona bambo wosunga katundu wa timu akukhuthula thumba lalikulu pakati pa bwalo, ndipo munatuluka mipira yachikopa yoposa khumi, ikugubuduka mbali zonse ngati malalanje. Jumbo yanga ndinaisiya mwakachetechete kwa bambo.

Atatigawa matimu ndinapita kukaima pamalo anga a masiku onse, pafupi ndi golo, n'kukweza dzanja. Kherere analira, akuti ndajomba, ndili ofusayidi. Ndinabwererako, analiranso. Palibe amene ankandipatsira. Mpira utandipeza mwangozi unandimenya pamsongolo n'kubwerera, ine n'kudzipinga ndekha ndi nsapato za nyuzipepala zija, n'kugwa chafufumimba. Ndinagona pomwepo kudikira faulo, ndipo mwana wina wa ku Ndirande anangondilumpha ngati chitsa. Nditadzuka ndinali nditapsa mtima kwambiri, ndipo chizolowezi chinafika msanga kuposa nzeru. Mpira utadutsa pafupi ndinautola ndi manja, n'kuuika kukhwapa, n'kulengeza kuti amayi akundiitana, n'kuyamba ulendo.

Kochi sanakalipe n'komwe. Anangoponya mpira wina wa m'thumba lija, kherere n'kulira, masewera n'kupitirira. Ndinatsala chiimire pakati pa bwalo ndi mpira wa eni ake kukhwapa, ana akundizungulira uku ndi uku, mpaka bambo wosunga katundu uja anabwera kudzandilanda mwaulemu. Kumpanda, bambo anga anavula chipewa n'kumachiyang'ana m'kati.

Pamapeto kochi anatiitana, ine ndi a Makwinja, ndipo bambo anga anasendera pafupi. Kochiyo anali wachikulire, wotsimphina, woti mpira anausewerapo. A Makwinja anatsegula kope kumuonetsa zochonga zisanu ndi chimodzi. Iye kopelo sanaliyang'ane, anayang'ana ine, ndipo anandifunsa mokoma mtima.

"Mwana iwe, zigoli zimenezi wina amakukonzera. Amakupatsira mpira ndani kwanuko?"

Dzina linali palilime penipeni. Mawu amodzi okha akanakwana, ndipo Loweruka lotsatira kochiyo mwina akanakwera yekha minibasi ya ku Chilomoni. Koma bambo anga anali pomwepo ndi chipewa m'manja, ndipo kutchula Juliyo kunali kuvomera kuti zigoli zanga zonse, kuyambira tsiku lomwe amalume anabwera, zinali zopatsidwa.

"Palibe. Ndimachinya ndekha."

Kochi anapukusa mutu. Anauza a Makwinja kuti ngati uyu ndiye katswiri wa Chilomoni, ndiye kuti ku Chilomoni kulibe mpira. A Makwinja anachotsa bolopeni kukhutu n'kudula mzere patsamba lonse. Sanabwerenso ku Chilomoni, chaka chimenecho ngakhale chotsatira.

Tinakweranso maminibasi athu awiri kubwerera kwathu. Amayi anauza amvano kuti ndakana ndekha chifukwa sukulu ndiyo yofunika. Juliyo ndinamupeza akundidikira pa siteji, ndipo ndinamuuza kuti andiuza ndikabwerenso chaka chamawa. Anangogwedeza mutu, n'kundinyamulira jumbo ya mpira mpaka kunyumba.

Anamaliza pulayimale, anasenza makala zaka zingapo, kenaka anaphunzira kuwotcherera zitsulo. Lero ali ndi kashedi kake pafupi ndi msika. Zinanditengera zaka zoposa makumi awiri kuti ndimuuze zoona, ndipo ndinamuuza tsiku lina akundikonzera geti, ndikuyang'ana kumbali. Anazimitsa makina, nakweza magalasi ake akuda owotcherera pachipumi.

"Ndinadziwa tsiku lomwelo pa siteji. Iwe chibadwire sunapatsirepo munthu mpira. Ndiye ukanapatsira dzina?"

Anaseka mpaka kutsokomola, n'kubwezera magalasi. Inenso ndinaseka, koma zinandipweteka, ndipo zimandipwetekabe.

Masiku ano zinthu zinasintha. Matimu aakulu ali ndi masukulu ampira, osaka luso amajambula ana ndi mafoni, ndipo ambiri a iwo amayang'anadi kubwalo. Komabe ndikamadutsa Loweruka pa mabwalo ampanda, ndimaona magalimoto akutsitsa ana ovala jezi zatsopano, kunja kwa mpandako ana opanda nsapato akukankhana chikulunga, ndipo ndimadzifunsa ngati mwini mpira sanangokula chabe. Bwalo lathu lija anamangapo nyumba, tchalitchi chija anachimaliza. Juliyo amaphunzitsa ana mpira madzulo pa kamalo kena kopendekeka kuseri kwa sukulu. Amavutitsa matimu ndi mafoni mpaka atumize munthu, ndipo munthuyo akafika amamuikira yekha mpando moyang'ana kubwalo, chimanga amamupatsa mpira utatha.

Mipira yomwe anawo amasewerera ndimagula ndine, chaka ndi chaka, ndipo Juliyo amalandira popanda zikomo wambiri. Amandilola kudzaonerera, koma anandiikira lamulo limodzi lomwe ana onse amalidziwa: mpira ukagubudukira komwe ndakhala, ndisaugwire.