Kagalasi m'Diso la Abambo

Lamulungu, 14 Seputembala, kwathu ku Nsambe

Ndadzuka thupi lonse likuphwanya. Mwina ndi njinga yamoto ya dzulo ija, mwina ndi zimene ndapeza pakhomo pano. Tabwerako kutchalitchi, Chifundo wapita kukatunga madzi, ndiye ndakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuti ndilembe, poti mutu wadzaza.

Ndinaganiza zochoka pano tsiku limene mayi wina anabweza diresi lake. Abambo ndi telala, ndipo kale anthu ankachoka kutali kudzasoketsa pakhonde pathu. Koma diresi limenelo msoko wake unapita chokhota ngati njira ya ng'ombe, ndipo mayiyo analiponya pa makina n'kumapita osatsanzika. Apo n'kuti amayi atamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo. Maso a abambo anali atayamba kale kuyera, lamanja kenako lamanzere, matenda amene timati ng'ala. Madzulo a tsikulo abambo anafunditsa makina chitenje cha amayi, ndipo sanawavundukulenso.

Ine ndinali nditangokhoza mayeso a Fomu 2, koma fizi ya Fomu 3 inalibe kochokera. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anali ndi m'bale wake ku Blantyre amene ankafuna mtsikana wantchito. Ndinauza abambo kuti ndikagwira chaka chimodzi basi, ndikasunge ya sukulu. Sanandiletse. Anangofunsa kuti nanga iwo aziwatsogolera ndani. Tonse tinayang'ana Chifundo, mng'ono wanga, amene anali Sitandade 5. Poyamba ankajomba tsiku limodzi pa sabata, kenako awiri, mpaka aphunzitsi analeka kufunsa.

Chaka chimodzi chija chinasanduka ziwiri. Ndinkakhala ku Chilomoni kwa amake Junia, kuchapa, kukolopa, kuphika, kuperekeza ana kusukulu ndi kukawatenga. Sanali anthu oipa ayi, koma m'nyumba monse muja munalibe amene ankandifunsa kuti ndadzuka bwanji ndi kudikira yankho. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo ufa ndi makala. Mwana wawo wamkulu anali Fomu 3, ndipo ndikamakonza kuchipinda kwake ndinkatsegula buku lake la Bayoloje, kuwerenga tsamba limodzi chiimirire, tsache lili m'manja. Ndikaona atsikana a yunifolomu pamsewu ndinkayang'ana kumbali.

Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe pa foni, Chifundo n'kukatapa kwa ejenti. Lamulungu masana ndinkaimba pa foni ya aneba athu. Nkhani zake zinali zomwezomwezo: tili bwino, sopo watha, mbatatesi chaka chino sizinachite. Inenso ndinkati ndili bwino. Tonse tinkadziwa kuti mayunitsi ndi ochepa, ndiye zowawa tinkazisiya.

Za opaleshoni ndinazidziwira kwa apongozi a amake Junia, agogo a ana aja. Anabwera kuchokera kumudzi akuyenda chopapasa makoma, maso oyera ngati a abambo. Anawatengera kuchipatala cha maso, ndipo patangopita masiku ochepa ndinamva akundiitana pabalaza.

"Iwe Tiya, kangaude uyo pakonapo amalipira lendi? Ine ndimayesa m'nyumba muno ndi mwaukhondo."

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inachuluka, chifukwa fumbi lililonse ankaliona, koma ine mtima unali kwina. Ndinawafunsa ngati n'zoona zimene amanena kwathu, zoti madokotala amakolowola diso n'kuikapo la mbuzi. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundifunsa ngati ndawamvapo akulira kuti mee. Anandifotokozera kuti diso silichoka. Amangochotsa kamtambo koyera kaja m'katimo, n'kuikamo kagalasi kakang'ono kosafika pa chikhadabo, ndipo kamakhala momwemo moyo wonse.

Ndinalimbana ndi abambo pa foni miyezi yambiri. Lero anene za mbuzi, mawa anene kuti ndi ukalamba, mkuja anene kuti Mulungu ndiye analola. Lamulungu lina ndinalephera kudzigwira, ndinalira, n'kuwauza kuti Chifundo akukula osadziwa kulemba kalata. Tili pomwepo mayunitsi anatha. Sabata yotsatira anakwera minibasi ndi Chifundo.

Kuchipatala anamwino ena anatikhazika pansi n'kutiuza kuti madokotala akuchita kafukufuku. Akufuna kudziwa mmene anthu ochokera kumidzi amaonera pakapita miyezi ataikidwa kagalasi kaja, ndi mavuto amene amakumana nawo. Anati wovomera ayenera kumabweranso kudzapimidwa, ndipo wokana amuthandiza chimodzimodzi. Abambo anavomera, anadinda chala, ndipo ine ndinapereka nambala yanga poti iwo alibe foni. Anayamba ndi diso lamanja.

M'mawa wochotsa bandeji sindinalipo. Kunyumba kunabwera alendo ndipo amake Junia sanandimasule mpaka masana. Ndinawapeza abambo atakhala pabenchi panja, atavala magalasi akuda, Chifundo atanyamula chikwama ndi mankhwala odonthezera. Ndinagwada n'kufunsa ngati akundiona. Anati pang'onopang'ono, mwana wanga. Chifundo ankangoyang'ana zala zake zakumapazi. Ndinawaperekeza kudepoti, ndikudziuza kuti diso limafuna nthawi.

Koma Lamulungu lililonse yankho linali limodzi: abambo akuyendabe ndi ndodo, palibe chasintha. Ndinatopa kutopa kosiyana ndi kwa ntchito. Agogo aja akutola timiyala mu mpunga, abambo anga ayi, pamene chipatala n'chimodzi. Tsiku lina ndikusita malingaliro ali kutali, ayironi inandiwotcha pamkono pafupi ndi chikhatho. Sindinauze aliyense kwathu. Bala linapola, n'kusiya kachipsera kakang'ono.

Lachitatu lapitali anamwino aja anandiimbira. Anafunsa chifukwa chake abambo sanabwerenso kudzapimidwa. Ndinayankha kuti mwina agwa ulesi poti opaleshoni sinathandize. Anadabwa. Anati m'mawa uja atachotsa bandeji, abambo analoza molondola zilembo za pakhoma mpaka mizere yam'munsi, ndipo anaseka okha poona mtundu wa malaya awo. Kenako mawu awo anasintha. Anati ngati munthu anaona bwino chonchija ndiye pano sakuona, mwina m'diso mwalowa matenda kapena mwatupa, ndipo tikachedwa likhoza kuwonongekeratu.

Ndinapempha masiku ochepa. Amake Junia anati iwonso amagwira ntchito, ana sangakhale okha, ndipo ndikapita malo sandisungira. Ndinawamvetsa. Ndinalongedza zonse m'chikwama chimodzi chomwe ndinapita nacho. Minibasi mpaka ku Zalewa, ina mpaka paboma, kenako njinga yamoto kukwera mapiri athuwa, fumbi lili m'kamwa. Njira yonse ndinkangoona diso la abambo litatupa, likutuluka mafinya.

Ndinawapeza pakhonde, ndodo ili pakati pa miyendo, magalasi akuda ali kumaso. Pambali pawo panali amalume a Layisoni, mlongo wawo wa malemu amayi, amene ndiwo amayang'anira ife ana. Abambo anatambasula manja n'kundipapasa kumaso monga ankachitira kale. Amalume anandilandira bwino, n'kunena kuti ndinayesetsa ndithu, koma ng'ala ya ukalamba ilibe dokotala. Anamwa madzi, anatsanzika.

Titalowa m'nyumba, abambo anavula magalasi aja. Diso lamanja linali lowala bwino, losatupa, kamwana kake kakuda bii ngati ka mwana wakhanda. Linayenda kuchokera kumutu kwanga mpaka kumapazi.

"Waonda, Tiyamike. Nanga pamkonopo unapsa ndi chiyani?"

Mkono umenewo sanaugwire pakhonde paja, ndipo ndinaima patali ndi iwo. Chifundo anapita kukatseka chitseko mwakachetechete, ngati munthu wozolowera.

Ndinakhala pansi pomwepo. Abambo anafotokoza pang'onopang'ono, zinthu zimene ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana koma sindinaziganizirepo kuti zikutikhudza. Kwathu kuno mwamuna amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndiye mkamwini. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amamusudzula, kutanthauza kumumasula kuti abwerere kwawo, ana n'kutsala kuchikazi. Abambo kwawo ndi kumunsi ku Midzemba. Makolo awo anatha, minda inagawidwa kwa ana a alongo awo, ndipo kulibe ndi khonde lomwe loti angaikepo makina. Maliro a amayi atatha, amalume ananena kuti munthu wosaona sangamusudzule, Mulungu angawalange, ndiye akhale kaye. Mawu akuti kaye amenewo abambo anawasunga. Tsiku limene anabwerako ku Blantyre, asanavule ndi nsapato zomwe, amalume anafika n'kufunsa kuti, ndiye mwachiratu alamu, tiyambe kuona za mwambo uja? Abambo anapapasa ndodo yawo n'kuyankha kuti sizinatheke.

"Ndikaona, ndikusiyani. Ndikapanda kuona, ndikhala nanu. Iwe ukanasankha chiyani?"

Ndinanena zanga, ndipo mawu anakwera kuposa mmene mwana amayenera kuyankhulira kwa bambo ake. Ndinati Chifundo wataya chaka china akutsogolera munthu woona, akunama kwa aneba ndi kwa ine yemwe. Ndinati ntchito ndasiya chifukwa choopa diso loti lili bwinobwino. Abambo anangoti inde, inde. Anandiuza kuti mankhwala anadontheza onse monga anawauzira, chitseko chili chotseka. Anati kuchipatala sanabwerere chifukwa akanapita, akanawachitanso diso linalo, ndipo maso awiri sabisika. Kenako anati Chifundo ali ndi mpata wa mano ngati wa amayi ake, ndipo iwo sankadziwa, poti mano amenewo anamera maso awo atayamba kale kuyera. Apo mkwiyo wanga unasowa pogwira.

Lero kutchalitchi ndawayang'anitsitsa. Chifundo patsogolo, ndodo pakati, abambo pambuyo akukweza mapazi mopitirira pamene palibe mwala. Buku la nyimbo analigwira chotseka, koma pamene mlembi amapachika manambala a nyimbo pakhoma, ndinaona mutu wawo ukutembenukira komweko, n'kubwerera msanga. Munthu amene ankalowetsa ulusi mu singano akucheza ndi makasitomala, lero akuphunzira kupunthwa mwadala. Ndinalephera kuimba.

Zaka ziwiri zonse ku Chilomoni ndinkadzitcha mlendo, ndikumati tsiku lina ndidzabwerera kunyumba kwa abambo anga. Ndadziwa lero kuti mlendo ali kuno. Nyumbayi anaumba njerwa zake ndi abambo, mtengo ndakhalirawu anadzala ndi iwo ine ndisanabadwe, koma dothi ndi la amayi, ndipo amayi atapita ndi langa ndi Chifundo. Amalume si munthu wankhanza, akungotsata zimene anapeza. Koma iwo amayang'anira mudzi uno m'malo mwa ife ana a mlongo wawo, ndipo palibe anatifunsapo kuti tikufuna chiyani. Ine ndinali ku Blantyre, Chifundo anali mwana. Ndamvapo kuti m'midzi ina ana akapempha, bambo amasudzulidwa mwa mwambo koma n'kuloledwa kukhalabe. Sindikudziwa ngati amalume angalole. Akhoza kukwiya kuti ananamizidwa, ndipo akhala ndi chifukwa.

Anamwino ndawatumizira uthenga kuti diso lili bwino ndipo tibwera. Zimene ndinasunga zikhoza kukwana teremu imodzi ya Fomu 3, kupitirira apo sindikudziwa. Koma makina akayambanso kulira, mwina.

Ndisanatuluke kudzalemba izi, ndawauza abambo zimene ndichite mawa. Ndilawirira kwa amalume ndisanapite kulikonse. Ndikagwada, ndikawauza zoona zonse, ndipo ndikapempha monga mwana wamkazi wamkulu wa nyumba ino kuti abambo akhale. Chifundo avala yunifolomu yake, ngakhale yamuthina, ndipo ndimuperekeza ndekha kwa ahedi. Ndikabwerako, kaya amalume ayankha zotani, ndichotsa chitenje cha amayi pa makina n'kuwatulutsa pakhonde, poonekera aliyense wodutsa.

Abambo anazunguza magalasi akuda aja m'manja. Ndinaganiza kuti andiletsa. Kenako anawapinda, n'kuwaika pawindo.

"Mutu wa makinawo ndi wolemera," anatero. "Usadzanyamule wekha. Udzandiitane."