Mapilisi a mu Enivelopu

Anzanga, ine ndi Boyd tinakumana chifukwa cha msana.

Unali mwezi wa Malichi 2018, pa bus stop ku Highfields. Ndinali nditangoweruka ku care home, tsiku lonse kudzutsa ndi kutembenuza okalamba, msana ukuchita kuyaka. Ndinawerama n'kudandaula ndekha, "Mayo ine, msanawu undipha."

"Usakupheni tisanadziwane," anatero munthu kumbuyo kwanga.

Chichewa! Pakati pa Leicester! Kucheuka, mnyamata wamtali, jekete yakuda, akuseka. Anati ndi Boyd Nkhwazi, amayendetsa van ya ma delivery, amakhala ku Loughborough ndi cousin wake.

Number ndinapereka tsiku lomwelo. Musandiweruze.

Loweruka lililonse ankanditengera ku Belgrave Road kukadya samusa. Ankanditchula kuti Mtende, dzina la Mtendere ati ndi lalitali ngati ulaliki. Koma ku Loughborough sanandipititseko olo kamodzi.

"Cousin wanga ndi wovuta, babe. Safuna alendo."

Ine ndi chikondi changa, ndinangoti chabwino.

Chakumapeto kwa Seputembala msana unafika poipa. Boyd anabwera ndi enivelopu yoyera, m'katimo timapilisi topanda bokosi.

"Uzimwa tiwiri. Ndi panado, kungoti wamphamvu."

Ndinamwa, ululu n'kuthawa. Inu mukudziwa mmene timachitira kwathu. Mutu ukavuta umangogogoda kwa aneba, "Muli ndi kam'bulu?" Ndani anafunsapo dzina la mankhwala? Ine ndinaona ngati mwamuna wosamala.

Mu Novembala chipatala china cha private chinandipatsa offer. Healthcare assistant, full time, komanso lonjezo loti adzanditumiza kusukulu ya unesi. Ndinavina m'khitchini mpaka aneba anamenya khoma! Kunangotsala health check, BP, katemera, ndi kuyeza mkodzo kuti aone ngati muli drugs. Ine drugs? Ngakhale mowa sindidziwa kukoma kwake. Tsiku loyezetsa, pa form, pofunsa mankhwala amene ndikumwa, ndinalemba paracetamol. Dzulo lake ndinali nditamwa tiwiri ta mu enivelopu.

Lolemba lotsatira anandiyitana. Nesi woyeza ofuna ntchito anali Sisita Lorraine, mayi wa ku Zambia. Anatseka chitseko.

"Mwana wanga, khala pansi. Mu mkodzo wako apezamo mankhwala amphamvu opha ululu, a gulu la codeine."

"Sisita, ine ndine wa kwaya!"

"Kwaya ilibe ntchito apa. Dokotala anakulembera? Ngati prescription ilipo, nkhani yatha lero."

"Anandipatsa ndi chibwenzi changa. Anati ndi panado."

Anagwira m'mutu. "Iwe! Kuno mankhwala sitigawana ngati mchere. Tamvera. Ubweretse bokosi lake, ndi kalata yoti anakupatsa iwe osadziwa. Sindikulonjeza, koma ndikakupempherera kwa ma manager. Likadutsa Lachisanu, offer yapita."

Ndisanafike pa bus ndinali nditamuyimbira kale.

"Bokosi? Aaa, ndinataya."

"Ndiye lemba kalata."

"Ndikuyendetsa pa msewu wa M1, tilankhulana."

Lachiwiri, "Mawa babe." Lachitatu foni kungolira. Sindinkadya. Ndinkakhala pansi, kudzuka, kuyang'ana foni, kukolopa pokolopa kale. Kuntchito ndinathira shuga kawiri mu tiyi wa gogo wina mpaka anandifunsa ngati ndili bwino.

Lachinayi ndinati basi, zakwana. Ndinakwera sitima ya ku Loughborough, n'kukamudikira pa geti la kampani yawo pomwe amapakira katundu. Atandiona nkhope inagwa.

"Mtende, wabwera bwanji osanena?"

"Tsegula van."

Tinakhala m'katimo, iye akungoti calm down, calm down. Ndinakumbukira kuti enivelopu ija ankayitulutsa m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wanga. Ndinatsegula. Malisiti, charger, ndiye pansi pake... bokosi la mankhwala, lotsala mapilisi anayi.

Mtima unakhala m'malo kamphindi. Ndinati ntchito yanga yapulumuka. Kenako ndinawerenga dzina.

Mrs Fyness Nkhwazi.

"Fyness ndi ndani?"

Ndinamulozetsa bokosilo kumaso.

"Boyd, ndiye cousin uja ameneyu?"

"Ndi... ndi mayi akunyumba."

Ndinayang'ananso pabokosilo. Deti yake inali ya Seputembala.

"Akudwala chiyani?"

"Anachitidwa opaleshoni pobereka. Mwana ali ndi miyezi iwiri."

"Ndiye unatenga mankhwala a munthu wa bala n'kundipatsa ine?"

"Iye ndi wopirira. Ndinamuuza kuti anasowa." Kenako, opanda ndi manyazi omwe, "Kalatayo sindingalembe, Mtende. Fyness akamva, banja langa latha. Undimvetse."

Ndimumvetse! Ine!

Bokosi linali m'manja mwanga, chitseko chosakhoma. Ndikanatha kuthawa nalo. Koma ndikanalowetsa dzina la mayi wosalakwa mu ofesi ya eni, pa mlandu woti sakuudziwa n'komwe. Ndinaliyika pamiyendo pake.

"Kam'bwezere anayi akewo."

Lachisanu ndinapita chimanjamanja. Sisita Lorraine anamvetsera zonse, n'kundigwira dzanja. Madzulo ake email inabwera, offer withdrawn.

Lero ndidakali ku care home konkuja. Msana ndinapita nawo kwa GP, dokotala wa m'dera lathu, ndekha, ndipo chilichonse chimene ndimamwa chili ndi dzina langa pabokosi. Anzanga, munthu akakupatsani mapilisi opanda bokosi, funsani kuti bokosilo lili kuti, ndipo palembedwa ndani.

Ntchito ija imandiwawa, sindinama. Koma chimene chimandiliza ndi Fyness. Mayi ankadzuka ndi bala laliwisi kukanyamula mwana, akufufuza mankhwala ake nyumba yonse, pamene ine ku Highfields ndinkawameza ndi madzi n'kumati, "Thank you babe, umandisamala."