Ali M'munda Atuluke

Nzimbe sadula zosatentha. Amene anakulira kuchigwa cha Shire akudziwa, koma ana anga obadwira m'tauni amayesa shuga amamera m'paketi, ndiye ndiyambire pamenepo. Munda ukakhwima amauyatsa kuti masamba apse, odula alowe ndi zikwanje osachekeka, osaponda njoka. Achimwene anga, amene anandilera bambo atamwalira, ankagwira ntchito m'gulu lotentha minda pa esiteti ina ya nzimbe ku Chikwawa. Ine nditalemba mayeso a Sitandade 8 ndinachoka kwathu kwa Makhuwira kudzawasungira nyumba kukomboni, poti anali asanakwatire.

Gulu lawolo linali ndi lamulo losalembedwa paliponse. Asanayatse, kapitawo ankazungulira munda n'kuima mbali zitatu, mbali iliyonse akukuwa kamodzi kuti, "Ali m'munda atuluke!" Mbali yachinayi sankakuwako ndipo sankayatsako. Imeneyo inali khomo, kuti chamoyo chilichonse, kaya ntchenzi, kaya njoka, kaya munthu woledzera amene wagona m'mizere, chithawire kumeneko. Kapitawo wawo anali mdala wa ku Nsanje, wamfupi, wamawu aakulu kuposa thupi lake, wosakaniza Chisena ndi Chimang'anja. Ankabwera kwathu kawirikawiri kudzamwa tiyi, ndipo sindinamumvepo akuseka.

Nyimbo za roko zinatipeza kudzera mwa makaniko wina wa kufakitale amene anagwirapo ntchito kumigodi ya ku Zambia. Anabwerako ndi mbale za galamafoni, gitala yamagetsi ndi sipika yomanga ndi mawaya. Iye, achimwene ndi anzawo awiri anayamba kuimba muholo ya antchito Lamlungu lililonse masana. Masiku amenewo mwamuna watsitsi lalitali ankametedwa pamsewu ndi achinyamata a malaya ofiira, choncho oimba athu anali a mipala okhaokha, yonyezimira ndi thukuta. Akuluakulu ankati ndi phokoso la chigayo. Ife tinkavina mpaka fumbi kulowa m'mano.

Poyamba ankaimba zachizungu zimene sitinkamva. Kenaka achimwene anapeka yawoyawo. Inkayamba ndi gitala yolira pang'onopang'ono, kenaka ng'oma n'kugwa zonse pamodzi.

Ali m'munda atuluke,
mphepo yatembenuka.
Ntchenzi yathawa, njoka yathawa,
iwe ukudikira yani?
Ndaitana katatu,
wotsala si mlandu wanga.

Sabata isanathe komboni yonse inali ikuiimba, ndipo aliyense anali ndi tanthauzo lake. Amayi a pampopi ankati ikunena mkazi wokakamira banja la nkhonya. Mkulu wa mpingo wathu, amene ankadana ndi magitala, anavomera monyinyirika kuti mnyamatayo waimba za tsiku lachiweruzo. Odula nzimbe ankati ikunena azungu a kuofesi. Mtsikana wina wa kuchipatala analumbira kuti yapekedwera iyeyo, ngakhale achimwene sankamudziwa n'komwe. Akawafunsa eni ake, ankangoyankha kuti, "Ndi ntchito basi. Ndimo timaitanira tisanayatse." Palibe amene ankakhulupirira, ndipo ineyo yankho limeneli linkandinyansa kwambiri. Nyimbo yotchuka chonchi ingokhala ya ntchito?

Ndinene poyera kuti ndinali ndi matama. Ndinali nditawerengako mabuku awiri atatu, ndipo ndinkaona kuti mutu wanga ukuwonongeka ndi kutsuka mapoto. Achinyamata tinkakonda kucheza pakhonde la telala wina pamsika, ndipo tsiku lina mkangano wa nyimboyi utakula ndinati anthu nonsenu ndinu ana. Ndinawauza kuti mundawo ndi dziko lino. Mphepo imene yatembenuka ndi ya tsidya lija, kumene Apwitikizi anali atangopakira kumene. Wouzidwa kuti atuluke moto usanafike sindinamutchule. Ndinangoloza ndi mlomo chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chinkapachikidwa m'sitolo iliyonse, chili pamwamba pa makina osokera.

Makina a telala anaima. Anzanga ena anayang'ana pansi, ena anaseka chamumtima, ndipo ine ndinamva kukoma. Pabenchi panali bambo wina amene ankadikira thalauzi lake, wansapato zopukuta bwino ngakhale kunali fumbi la Okutobala. Anandiyang'ana mwaulemu.

"Mwalongosola bwino, chemwali," anatero. "Tabwerezani pang'ono, sindinamvetse pa mphepo paja."

Ndinabwereza, n'kuthirako ndi tsabola.

Zaka zimenezo anthu ankasowa. Mphunzitsi wina anapita kukalasi m'mawa osabwerako, ndipo mkazi wake anasamuka osatsanzika. Mabanja okana kugula khadi la chipani chifukwa cha chikhulupiriro chawo anawotcheredwa nyumba n'kuthawira tsidya. Zonsezi ndinkazidziwa. Koma ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkayesa kuti zimenezi zimagwera anthu ena.

Tanthauzo langa linayenda mofulumira kuposa nyimbo yeniyeniyo. Lamlungu lotsatira holo inadzaza mpaka anthu kukwera m'mawindo, ndipo pofika pa mawu a mphepo aja anakuwa mwa mtundu wina umene sindinaumvepo. Bambo wansapato uja anali kumbuyo, ataima, osavina. Kuyambira pamenepo aliyense wodutsa pakhomo pathu ankakuwa kuti, "Ali m'munda atuluke!" ngati moni. Anyamata panjinga, amayi ochokera kuchigayo, oledzera, onse. Ine ndinkayankha ndi mzere wotsatira, ndikumva ngati ndine ndinaipeka.

Achimwene atamva kumene zinachokera sanandikalipire. Anandikhazika pamkeka masana, chitseko chili chotseka ngakhale kunkatentha.

"Ukufuna tanthauzo, iwe? Chaka chatha tinatentha munda wa kufupi ndi dambo. Akapitawo anaitana katatu. Ine ndi amene ndinali ndi muuni. M'mawa odula anapezamo munthu. Anali mmodzi wa othawa aja, anabisala m'nzimbe. Anamva kuitana, koma anayesa ndife omusakawo, ndiye anakhala chete." Anayang'ana manja awo. "Ndimati wotsala si mlandu wanga chifukwa ndikufuna ndikhulupirire. Nyimbo yake ndi imeneyo. Iwe waitenga n'kukaipachika pa chithunzi."

Ndinalira, ndinapepesa, koma mawu akatuluka sabwezedwa m'kamwa. Holo inatsekedwa, akuti akufuna kukonza denga, denga limene linalibe vuto. Makaniko uja anapempha tchuthi n'kupita osabwerera. Achimwene anakulunga gitala m'chiguduli n'kuiika pansi pa bedi, pambali pake n'kuikapo kathumba ka zovala ziwiri ndi mbatata zowuma. Ndinakaona kathumbako posesa, koma sindinafunse. Iwonso sanandiuze kanthu, ndipo sindiwaimba mlandu, pakuti anali atadziwa pakamwa panga.

Lachinayi lina m'mawa ndinali kuchapa pakhomo. Phulusa lakuda la munda umene anatentha dzulo lake linali likugwabe, kudetsa zimene ndayanika. Achimwene anali atapita wapansi kukawona mnzawo wodwala kukomboni ina, njinga yawo itatsamira khoma pafupi ndi chitseko. Nyumba yoyang'anana ndi yathu inali ya tcheyamani wa chipani wa nthambi yathu, ndipo akazi awo anali pakhonde akusenda nandolo, maso ali kwathu monga mwa masiku onse.

Ndinaona akapitawo akubwera, atavala ovolosi ngati akupita kumunda. Sanapereke moni. Anaima kutsogolo kwa nyumba n'kukuwa, "Ali m'munda atuluke!" Anali wachisanu kukuwa mawu amenewa m'mawa umenewo. Ndinaseka.

"Nanunso, akapitawo? Yakugwirani?"

Anayenda pang'onopang'ono mpaka mbali ya kubafa, n'kukuwanso. Anabwerera, kudutsa pamaso panga, kukaima mbali ya kumsewu, n'kukuwa kachitatu. Kuseri kwa nyumba sanapiteko. Kumeneko kunali kanjira kolowa m'bango, kotsikira kudooko la mabwato owolokera kwathu kwa Makhuwira.

Ine ndinakweza manja athovu n'kuimba, "Mphepo yatembenuka!" Akazi a tcheyamani anaseka nawo. Akapitawo anayang'ana njinga ija, kenaka anandiyang'ana ine nthawi yaitali.

"Nkhabe, mwananga," anatero motsitsa. "Ine sindiimba tayi."

Anachoka. Ine ndinati mdala wakalamba, n'kupitiriza kuchapa.

Achimwene anabwera dzuwa lili paliwombo. Akusamba m'manja anandifunsa ngati kunabwera munthu. Ndinati ndi openga anu omwe aja, kukuwa kuyambira m'mawa, mutu mpaka kuwawa. Anagwedeza mutu n'kudya. Madzulo anapaka njinga mafuta, anakatunga madzi awo osamba, tinakamba za mvula imene inkachedwa. Mabwato ankawoloka mpaka dzuwa kulowa, ndipo kuchokera pakhomo pathu kufika padooko sipankatha ola.

Galimoto inabwera m'mawa mwake tikumwa tiyi. Anatsika anthu atatu, mmodzi wawo bambo wansapato uja, ali ndi pepala. Anawerenga mawu anga onse monga ndinawanenera pakhonde la telala, munda, mphepo, chithunzi, ndi tsabola yemwe. Kenaka anafunsa kuti tanthauzo limeneli ndi la yani.

"Nyimbo ndi yanga," anatero achimwene. "Tanthauzo n'langanso. Uyu ndi mwana, amangobwereza."

Sanandiyang'ane. Anawakweza kumbuyo pamodzi ndi gitala. Kathumba kaja kanatsala pansi pa bedi.

Nyumba inali ya kampani, choncho anandipatsa masiku atatu. Tsiku lomaliza ndikumanga katundu akapitawo anabwera, nthawi ino anagogoda n'kulowa. Anakhala pa mtondo osavula chipewa. Anandiuza kuti mlamu wawo ankaphikira akuluakulu kuboma ndipo ankamva zokambidwa patebulo. Iwo ndi achimwene anali atapangana kuti tsiku lodzagwira achimwene likadziwika, adzabwera kudzaitana monga amachitira kumunda, popeza pakhomo pathu sipakanatheka kunong'ona. Ataona njinga anayesa mwini ali m'nyumba ndipo wamva.

"Ndidaitana katatu," anatero. "Khomo ndidasiya."

Ine ndinali nditamva lamulo la mbali zitatu kambirimbiri pa tiyi m'nyumba momwemo. Ndinali katswiri womasulira nyimbo pamsika, koma tsiku limene mawuwo ananenedwa osabisa kanthu ndinawayankha ndi kuvina kwa mapewa.

Achimwene anatuluka patapita zaka zisanu, popanda mlandu, popanda pepala. Anatipeza kwa Makhuwira ndili ndi mwana kumsana. Anali atatha, mano akutsogolo palibe, zala ziwiri za kumanzere zitapindika. Akapitawo anali atamwalira chaka chapitacho ndipo anakaikidwa kwawo ku Nsanje. Za kumene anali, achimwene sanafotokozere aliyense. Anakhala mwezi wathunthu akungokhala pansi pa mtengo wa masau, kuyang'ana utsi wa minda tsidya la Shire.

Tsiku lina masana ndikuwapatsa madzi anandigwira mkono.

"Ndikufunse chinthu chimodzi, mlongo wanga. Ndakhala nacho zaka zonsezi. Kodi akapitawo sanabwere?"

Ndinayang'ana zala zijazi. Ndinaganiza kuti munthu uyu wandikhululukira kale kamodzi pamaso pa anthu a galimoto, ndipo ndinachita mantha kuti kawiri sangathe. Akapitawo anali m'manda, sakanatha kunditsutsa.

"Sanabwere," ndinatero.

Anandisiya mkono pang'onopang'ono. "Ndinkayesa ndi munthu," anatero, n'kumwa madzi.

Anakhala zaka zina zambiri, anakwatira, analima thonje. Ana a akapitawo atatumiza uthenga woti akumanga chiliza cha bambo awo, achimwene anakana kupita, ndipo dzina la mdalayo silinkatchulidwa pakhomo pawo. Ine ndinkamva zonsezi ndili chete, ine yemwe uja wosatha kusunga mawu. Masiku ano achinyamata ena amabwera kudzandifunsa za nyimbo ija, poti makolo awo amaikumbukira, ndipo amafuna ndiwauze kuti achimwene anali olimba mtima otsutsa boma ndi gitala. Ndimawauza kuti inali ya ntchito basi, ndipo nawonso sakhulupirira.

Achimwene tinawaika zaka zitatu zapitazo ndisanawauze. Choncho ndikulemba pano, kuti ana awo ndi ana a mdala uja awerenge. Akapitawo anabwera. Anaima mbali zitatu, anaitana katatu, khomo anasiya. Ine ndinali pakhomo, ndikuchapa.