Akuti Ndinaotcha Fodya wa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pomwe amalume anga anandigamula mlandu wootcha nazale yawo ya fodya popanda moto. Ndinkakhala kwawo kufupi ndi Chisepo chifukwa kwathu, kumapiri a Ntchisi, sukulu inali kutali. Ntchito yanga inali kuthirira mbande kudimba, m'mawa ndisanapite ku sukulu komanso madzulo ndikaweruka.

Amalumewo anali munthu wodziwa zonse, makamaka zomwe sanaziphunzirepo. Kudimba ankabwera kudzaloza ndi chala basi, manja ali mbee. Nazale ankaiika malo amodzimodzi chaka ndi chaka, pafupi ndi chitsime, ndipo mbande zikachoka akazi awo ankabzalapo matimati.

Chaka chimenecho mbande zinamera bwino, kenaka zinapinimbira, masamba n'kuchita chikasu. Dzuwa likangokwera zinkafota ngati sizinalawe madzi, chonsecho dothi lili lonyowa. Mwezi womwewo ndinali nditangotha msinkhu, ndipo akazi awo, omwe sankatha kugona ndi nkhani m'mimba, anawauza.

Anandiitana pakhonde, ana awo aamuna ali pomwepo.

"Iwe, unkalowa m'nazale mwanga uli kumwezi?"

Ndinangoyang'ana zala za kumapazi ndi manyazi.

"Wandiotchera fodya. Longedza, ubwerere kwa amako."

Mlandu unathera pomwepo. Ndinachoka ndili Sitandade 7, pakati pa teremu, ndipo zaka ziwiri zinadutsa ndisanakhalenso m'kalasi. Chondipweteka kwambiri n'choti ndinawakhulupirira. Ndikadutsa pafupi ndi dimba la munthu ndinkalambalala, manja nditabisa m'chitenje.

Tsiku lina kunabwera mayi mlangizi wa zaulimi kudzaona dimba la kalabu ya amayi anga, momwe matimati ankafota chimodzimodzi. Sanafunse kuti wathirira ndani. Anawerama n'kuzula mtengo umodzi, ndipo mizu yake inali yotupatupa ngati mikanda. Anatiuza kuti m'dothi mumakhala tinyongolotsi tating'ono kwambiri, tosaoneka ndi maso, totchedwa manematodi. Tilibe maso, koma timamva fungo. Muzu ukamakula umatulutsa timadzi ndi mpweya, ndipo ito timatsata fungolo, kukwawa m'chinyezi mpaka kukafika kunsonga ya muzu. Tikalowa, muzu umatupa, madzi n'kumalephera kukwera.

"Fodya ndi matimati zonse zimaitana tinyongolotsiti," anatero. "Mukamabzala malo amodzi chaka chilichonse, ndiye kuti mukutiphikira. Sunthani nazale, pakalepo pamere udzu kapena mtedza."

Ndinapsa mtima kuposa tsiku londithamangitsa lija. Madzi omwe ndinkathyokera nawo msana ndiwo ankatsegulira tinyongolotsito njira, ndipo woyala phwandolo anali mwini wake wa dimba.

Ndinakulunga muzu uja m'pepala la shuga n'kudikira. Mwayi unapezeka pamaliro a wachibale, pomwe amalume anabwera kwathu. Mwambo utatha ndinagwada patsogolo pawo, monga mwana woleredwa bwino, n'kufotokoza zonse. Muzuwo sanaukhudze n'komwe.

"Nyongolotsi ikhale ndi mphuno?" anaseka, akuyang'ana azibambo anzawo. "Zimenezo ndi zopusitsira azimayi."

Anzawowo anasekanso, chonsecho onse ankadziwa kuti nazale ya amalume inali itafanso kawiri, othirira ali anyamata okhaokha. Ulendo woyamba amalumewo anati ndi nsanje ya a nyumba yoyandikana nayo. Wachiwiri anati ogulitsa mbewu anawabera. Munthu wamkulu, wandevu zake, anamaliza mudzi wonse kuloza chala, koma dothi lomwe ankapondapo sanalikayikire tsiku ndi limodzi lomwe.

Ku sukulu ndinabwererako ndili mtsikana wamkulu, kukhala benchi imodzi ndi tiana tomwe tinkanditchula kuti anti. Anzanga oyamba aja anali atapita kale ku sekondale, ndipo sindinawapezenso.

Lero ndili ndi dimba langa, ndipo mbewu ikafota ndimayamba ndazula ndisanatsegule pakamwa. Kanyongolotsi kaja sindikasungira chakukhosi. N'kakhungu, kali ndi njala, ndipo kamalondola fungo loona mpaka kupeza chomwe kakufuna. Amalume anali ndi maso awiri abwinobwino, koma kuwerama kuti azule mbande imodzi kunawakulira. Chomwe chinawapepukira chinali kuchotsa mwana wa mlongo wawo pa sukulu.