Kukachotsa a Berenado ku Domwe

Ndinanyamuka ku Vila Ulongwe dzuwa lisanakwere, nditavala malaya akuda omwe ndinachoka nawo kuseminariyo. Kumeneko ndinaphunzira mpaka nditazindikira kuti unsembe ungayende bwino popanda ine, ndipo ansembe anagwirizana nane mwamsanga ndithu. Chilatini chochepa chomwe ndinapulumuka nacho ndicho chinandipatsa udindo wa womasulira malamulo m'Chigwirizano cha Oyimba, chomwe chinkamanga pamodzi magulu oyimba a m'matchalitchi a dera lathu.

Nkhani inali yakuti a Pulezidenti a Chigwirizano anali atachotsa a Berenado, mtsogoleri wa oyimba a ku Domwe. Makutu a mkuluyo anali atatha, ndipo ankayambitsa nyimbo pamwamba pomwe ngakhale tiana sitinkafika. A ku Domwe anayankha kuti mtsogoleri amachotsedwa ndi oyimba ake okha, ndipo ngati tikakamira, atuluka m'Chigwirizano Natale, chikondwerero cha kubadwa kwa Ambuye, asanafike. Lamulo lina linkapatsa a Pulezidenti mphamvuyo, lotsatira lake n'kuwalanda. Onse awiri ndinalemba ndine, choncho a Pulezidenti anatuma ine kukawachotsa.

Ndinakwera kamiyau, lole ya mwini kantina, mtengo wake maesikudo awiri, mpando wake thumba la mchere. Motolisita, woyendetsa loleyo, anatichenjeza tisananyamuke: "Mvula yagwa usiku. Padambo okwera ndinu ng'ombe zanga." Sananame. Tikukankha, matope m'mawondo, bambo wina wa ku Dedza anandifunsa za ulendo wanga. Ndinamufotokozera.

"Inunso muli ndi chitaganya?" anatero akupuma wefuwefu. "Chathu cha mayiko atatu atimangira Azungu osatifunsa. Chanu ndi cha chiyani?"

"Cha nyimbo."

"Kankhani, achimwene. Anthu a mwayi inu."

Dzuwa lili pamutu kamiyau inanditsitsa pamphambano, pomwe mayi wina ankagulitsa mapichesi m'lichero. Anandiyang'ana kuyambira kumalaya mpaka kumatope.

"Ndinu ochotsa aja? Idyani kaye." Anandipatsa atatu, ndalama n'kukana. Dzina lawo anali a Nasitaziya, oyimba a gulu lomwelo. "Mwana wanga, ifetu tinali titapangana kale zowapumitsa, kukhosi kwatiwawa kokwanira. Koma poti mwayamba kunena ndinu a ku Vila, akhala. Tifera pamwamba pomwepo."

Kuchokera apo ndinayenda wapansi, kudutsa minda ya kachewere ndi nyemba, phiri la Domwe likundiyang'ana ngati likudziwa kuti ndilibe mawu. A Berenado ndinawapeza akupalira kuseri kwa tchalitchi, dzuwa litapendeka. Oyimba anali atakhala kale pakhonde kundidikira, nkhope zili gwa.

Ndinagwada n'kupereka moni. Anayankha kuti nyemba zili bwino. Kenaka anandikokera pambali kuti andinong'oneze. Koma kunong'ona kwa munthu wosamva kumafika kutsidya kwa mtsinje.

"Mwanawe, ndatopa! Ndimaona milomo yokha ikuyasama. Ndikufuna ndizikhala pabenchi ndi mayi ako, koma awa akundisunga ngati mbendera. Ukawauze kuti a ku Vila alamula kuti ndikhale mpaka imfa. Usauze munthu kuti ndakutuma ndine!"

Pakhonde onse anali atamva. Wina anatsokomola. A Nasitaziya, omwe anali atandipitirira podzera njira yachidule, ankayang'ana zala zawo za kumapazi.

Ndinaimirira patsogolo pawo, ndinakonza malaya, ndinatchula mawu awiri a Chilatini oyenera pamaliro, n'kulengeza kuti Chigwirizano chasintha maganizo: a Berenado atsogolere mpaka imfa, ndipo a ku Domwe alibe mphamvu yowachotsa.

Sindinaonepo anthu akukwiya mwaluso chotero. "Alibe mphamvu ndani?" anakuwa a Nasitaziya, misozi ili m'maso. "Atate athu tiwapumitsa tokha, lero lomwe!" Manja onse anakwera. A Berenado anayang'ana manjawo, n'kupukusa mutu ngati munthu wolakwiridwa kwambiri, n'kuvula kamluzu koyambitsira nyimbo komwe kankakhala m'khosi mwawo. Anakapereka kwa a Nasitaziya ndi manja awiri. Palibe anaseka. Palibenso amene anawauzapo mkuluyo kuti chinsinsi chawo chinamveka mpaka kumunda kwa ansembe.

Madzulo anayesera nyimbo za Natale. A Berenado anakhala pabenchi, phewa kukhudza la akazi awo, akuyimba nyimbo ina yosiyana ndi ya anzawo, mokweza, maso otseka. Mayiwo anawagwira dzanja n'kuyamba kuyimba yomweyo.

M'mawa ndinabwerera ku Ulongwe pangolo ya nyemba, yomwe sinafune okankha. A Pulezidenti anandifunsa kuti lamulo lomwe lapambana ndi liti, lowapatsa mphamvu kapena lowalanda. Ndinati onse awiri ali moyo, ndipo Domwe sanatuluke. Chomwe ndinaphunzira paulendowu sindinawauze, poti sichilembeka m'malamulo: mpando wa munthu wokondedwa amaunyamula ndi eni ake, ndipo mlendo wanzeru amangowagwirira chitseko.